Kabokosi kamene kankamvera aliyense

Alamu anga amaimba m'maukwati. Sindikunena zoimba ndi pakamwa, poti iwo akayamba nyimbo kubafa ngakhale galu wa aneba amatuluka kumpanda. Ali ndi masipika awiri aakulu, amplifaya, mikisa yakale ndi laputopu yong'aluka pakona, ndipo nyengo ya maukwati ikafika, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, Loweruka lawo lililonse limakhala lili ndi mwini wake kale.

Amene munakhalapo pa perekaniperekani mukudziwa kuti wovutika kwambiri m'holo si mkwati, si akashiya, koma uja wakhala kuseri kwa mikisa. MC akakweza maiki kuti "tsopano akuchikazi okhaokha, akuchimuna khalani kaye pansi," nyimbo iyenera kutsika. Akangomaliza, ikwere msanga anthu asanazizire miyendo. Akatulukira azakhali ena ndi envelopu yoti ilengezedwe, itsikenso. Maola anayi chala chili pa kabatani kamodzi, kukweza, kutsitsa, kukweza. Ukacheuka pang'ono kuti umwe madzi, MC walankhula kale mawu atatu amene palibe wawamva, ndipo akukuyang'ana ngati unamudyera ndalama.

Tsiku lina alamu anandipeza pabenchi pomwe ndimakonzera mawailesi ndi ma amplifaya a anthu. Anakhala pa kreti, nayamba ndi za mpira, kenako anafika pa chimene anabwerera.

"Alamu, inu zamawaya mumazidziwa. Simungandipangire kanthu koti MC akangotsegula pakamwa nyimbo izitsika yokha, akatseka izibwerera?"

Mamikisa ena amabwera nako kale kabatani kotero, amakalemba kuti talkover. Yawoyo ilibe, ndipo yogulira ina panalibe. Ine ndi matama anga ndinati, "Zimenezo n'za masiku awiri. Mudzatenge Lachinayi." Linali Lolemba. Anadzakatenga patapita milungu itatu, ndipo ngakhale pamenepo kanali kasanamalize kundilanga.

Papepala zonse zinkaoneka zofewa. Kabokosiko kanafunika khutu lomvera MC, woweruza wonena ngati akulankhula kapena ayi, ndi dzanja lotsitsa nyimbo. Khutu ndinalipanga motere: mawu a maiki ndimawatenga potulukira pa aux pa mikisa, ndimawakuza ndi LM358, ka IC kapena kuti kachipangizo kakuda ka miyendomiyendo, amadutsa pa diode ya 1N4148, imene imalola magetsi kupita mbali imodzi yokha, n'kukathiridwa mu capacitor ya 2.2 µF. Munthu akamalankhula capacitor imadzaza, volteji yake n'kukwera. Akasiya, imakhuthuka pang'onopang'ono kudzera pa resistor, kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi, ya 470k. Mukachulukitsa manambala awiriwo mupeza pafupifupi sekondi imodzi, yokwanira kuti MC apume mpweya pakati pa mawu nyimbo osamulumphira m'kamwa.

Woweruza ndi comparator. Ndinasankha LM393, ka IC ka miyendo 8 kamene m'kati mwake muli ma comparator awiri. Ntchito yake ndi imodzi basi, kuyang'ana mavolteji awiri n'kunena wamkulu ndi uti. Mawu oti "mwina" sikawadziwa. Dzanja ndi CD4066, ya miyendo 14, yokhala ndi maswichi anayi opanda chitsulo chilichonse chogundana. Swichi iliyonse ili ndi miyendo iwiri modutsa mawu, ndi wachitatu woilamulira: ukaukweza ku volteji yapamwamba swichi imayaka, ukautsitsa ku ziro imazima. Banja la ma IC amenewa, la 4000, analitulutsa a RCA mu 1968, ndipo mpaka lero mumawapeza m'mawailesi akufa amene anthu amaiwala kudzatenga. Yanga ndinaizula m'menemo.

Sindinafune kuti nyimbo izidukiratu, chifukwa holo ikangoti zii anthu amaganiza kuti magetsi azima. Ndinafuna izingogwada. Ndiye mbali iliyonse ya nyimbo, yakumanzere ndi yakumanja, imadutsa pa resistor ya 10k, ndipo swichi ikayaka imalumikiza resistor ya 1.5k imene imataya mbali yaikulu ya mawuwo. Chotsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri, nyimbo yomveka chapansipansi.

Chinthu chimodzi chanzeru chimene ndinachita pachiyambi ndi kuika 7809 kuti zonse zizidya 9 volts yokhazikika. Alamu nthawi zina amaimbira pa batire, ndipo volteji ya batire imavina limodzi ndi besi. Zanzeru zinathera pomwepo.

Usiku woyamba ndinalumikiza zonse pa breadboard, kabolodi ka timabowo koyeserapo osawotcherera, ndinayatsa, n'kukuwa mu maiki. Nyimbo osasuntha. Ndinakuwanso, osasuntha. Ndikutambasula dzanja kuti nditenge mita, nyimbo inatsika yokha. Ndikubweza dzanja, inakwera. Ndinayesa katatu konse, osakhudza kanthu, kungoyandikitsa chikhatho pamwamba pa mawaya ngati wopempherera wodwala, ndipo kanthuko kankamvera. Mayi a kunyumba anali ataima pakhomo akuonerera. Anangoti, "Bambo, zimenezi muzichita masana."

Ufiti panalibe, panali ulesi wanga. LM393 ndi LM358 n'zofanana ngati mapasa: magetsi amalowera mwendo 8, ground, komwe kuli ziro volts, ndi mwendo 4, zotuluka zili pa 1 ndi pa 7. Chifukwa LM358 ndimaigwira tsiku ndi tsiku, ndinangoti inayo ndimaidziwanso. Koma potulukira pa LM393 pali transistor imodzi yokha, yolumikiza mwendowo ku ground. Amakutcha open collector. Imatha kukokera pansi, koma kukankhira m'mwamba siitha. Ili ngati mkulu wina pabwalo amene amadziwa kunena kuti "ayi" mokweza, koma akavomereza amangokhala chete, ndiye pafunika wina womuyankhulira. Woyankhulirayo ndi resistor yochokera ku 9 volts kubwera pa mwendowo, pull-up, imene ine sindinaike. Ndiye comparator ikati "inde" inkangosiya waya uli lendelende. Tsono mwendo wolamulira wa CD4066 sumwa magetsi pafupifupi n'komwe, moti kamphamvu kalikonse kongodutsa kamausuntha, ngakhale kaphokoso ka 50 Hz kamene thupi la munthu limatola ku mawaya a m'nyumba. Dzanja langa ndilo linali MC.

Ndinaika 4.7k, mizimu inathawa. Ndinakumbukiranso kuti maswichi awiri amene sindinkawagwiritsa ntchito anali ndi miyendo yawo yolamulira, 6 ndi 12, ili lendelende chimodzimodzi, ndipo ndinaimangirira ku ground. Zonsezi zalembedwa m'datasheet, pepala la opanga IC lofotokoza mmene imagwirira ntchito, osati kobisika, koma ndinali ndisanaitsegule.

M'mawa mwake ndinadzipalira ndekha moto wina. Ndinafuna kababu ka LED kofiira koti kaziyaka MC akamalankhula, alamu azionetsa anzawo. Ndinakalumikiza kuchokera potulukira pa comparator, kudzera pa 1k, kupita ku ground. Kababu kankayaka bwinobwino ndikalankhula. Nyimbo yokha inasiya kutsika.

Apa ndiye ndinataya masiku awiri, ndipo ndikuchita manyazi kunena mmene ndinawatayira. Ndinazula LM393 n'kuika ina. Chimodzimodzi. Ndinaika yachitatu. Ndinayamba kutukwana mumtima mnyamata wa pasitolo pomwe ndinagula, ndikuti wandigulitsa zachinyengo, pakuti ma IC ofufutidwa n'kulembedwanso aliko ndithu ndipo aliyense wa ntchito yathuyi anawaonapo. Ndinazula CD4066, n'kuiyesa payokha pogunditsa mwendo wolamulira ku 9 volts ndi kawaya. Inkagwira ntchito. Comparator payokha inkagwiranso, umboni wake kababu. Chilichonse chili bwino, koma zikakumana palibe chochitika.

Nditatopa ndi kuzula ndinaika mita pa waya wa pakati pa ziwirizo, ndili kukuwa mu maiki. 3.2 volts. Ndinakhala kaye phee. Kababu kofiira kamatenga pafupifupi 2 volts, yotsalayo 7 volts imagawika pakati pa 4.7k ndi 1k, ndipo wamkulu amatenga zambiri. Potulukirapo pamatsala 3.2 basi. Kwa kababu imeneyo ndi "inde" wokwanira. Koma CD4066 imafuna kuti mwendo wolamulira ufike pafupifupi magawo 70 pa 100 a volteji imene ikudya. Pa 10 volts datasheet imanena 7, ndiye pa 9 yanga pankafunika yoposa 6. Comparator inkayankhula, swichi inkangomva kung'ung'udza. Nditachotsa kababu, waya uja unakwera kufika pafupifupi 9, nyimbo n'kugwada nthawi yomweyo.

Chiyambire tsiku limenelo, ma IC awiri akakana kumvana sindiyamba ndi kuzula. Ndimayamba ndi waya wa pakati, kufunsa kuti uyu akati "inde" amatulutsa zingati, ndipo uyo amafuna zingati kuti amve. Ambiri amagwa pomwepa akamalamulira CD4066 ya pa 12 volts ndi kakompyuta kakang'ono ka Arduino ka 5 volts. Enanso amapatsidwa 74HC4066 pasitolo, akuuzidwa kuti ndi yomweyo. Miyendo ndi yomweyodi, koma ena a dzinali amathera pa 6 volts, ena pa 10, pomwe CD4066 imapirira mpaka 18. Mnyamata wa pasitolo uja sindinamupepese, poti sanamve zomwe ndinamunenera.

Tsopano kanthu kanayamba kugwira ntchito, ndipo ndinaimbira alamu kuti mawa lake abwere. Ndisanagone ndinati ndiyese kulankhula ngati MC weniweni, osati kukuwa. Ndinayamba mokweza, "Akuchimuna, konzekani," n'kumatsitsa mawu chakumapeto monga amachitira. Pomwe mawu ankazilala, sipika inalira trrrr, ngati chiwala chatsekeredwa m'chitini. Nyimbo siinali pamwamba, siinali pansi, inkanjenjemera.

Ulendo uno mita inandinamiza. Pa waya uja inaonetsa 4.6 volts, ndipo ndinati vuto la dzulo labweranso, china chake chikukokera pansi. Koma mita ya manambala imachedwa, ikaona chinthu chikusinthasintha mofulumira imangokupatsa cha pakati. Oscilloscope, makina oonetsa kusinthasintha kwa volteji pa sikirini, ndilibe. Ndinatulutsa mita yakale ya muvi imene ndinasiyiridwa ndi amene anandiphunzitsa ntchito, ndipo muvi wake unkachita njenjenje pakati pa sikelo. Kenako ndinatenga ka earphone kakufa mbali imodzi, ndinakalumikiza pa wayawo kudzera pa resistor ya 10k ndi capacitor yaing'ono, n'kuika kukhutu. Chiwala chija chinali momwemo. Comparator inkati inde, ayi, inde, ayi, kambirimbiri pa sekondi.

Ndipo siinkalakwa. Volteji ya pa capacitor siitsika mosalala ngati madzi m'ndowa yobooka. Ili ndi timafunde, chifukwa kugunda kulikonse kwa mawu kumaikankhira m'mwamba pang'ono isanapitirize kutsika. Ikafika pafupi ndi mzere umene ndinaika, imaudumpha, kubwerera, kuudumphanso. LM393 imayankha pa nthawi yongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi, ndiye kadumphidwe kalikonse imakaona n'kukalengeza. Ndinapempha woweruza wachilungamo, ndipo ndinamupeza wachilungamo mopitirira muyeso.

Mankhwala ake mumawaona tsiku lililonse pa aini yositira. Ikatentha imalira kuti thi, n'kuzima. Siyakanso pomwepo kutentha kukangotsika pang'ono. Imadikira izizire ndithu, kenako thi. Mzere wozimira ndi wina, woyakira ndi wina, ndipo pakati pake pali mpata pomwe aini imakakamira chimene inasankha kale. Mpata umenewo amautcha hysteresis. M'zamagetsi nzeru imeneyi imadziwika ndi dzina la Otto Schmitt, wa ku America, amene anaipanga mu 1934 akadali wophunzira, ndi ma valve, timababu ta m'mawailesi akalekale, chifukwa ma transistor kunalibe. Chimene chimandisangalatsa n'choti iye sankakonza wailesi. Ankafufuza mmene uthenga umayendera m'mitsempha ya squid, kanyama ka m'nyanja yamchere.

Pa comparator, mpatawo umaupanga potenga kachigawo ka volteji yotuluka n'kukabwezera ku mwendo wa +, umodzi mwa miyendo iwiri yolowera mavolteji amene ikuyerekeza. Zimenezi ndinkazidziwa chapamwambamwamba, ndipo kudziwa kwa chapamwamba n'koopsa kuposa kusadziwa. Pa nthawiyo capacitor ya khutu ija inali pa mwendo wa +, mwendo 3. Ndinangotola 470k ina n'kuiponya kuchokera pa mwendo 1 kupita pa 3. Ndinalankhula, nyimbo inatsika bwino, popanda chiwala. Ndinakhala chete. Sekondi imodzi, ziwiri, khumi. Ndinapita kukamwa madzi n'kubwerako, nyimbo ikadali chogwada.

Mita pa capacitor inati 4.4 volts, m'nyumba muli zii. Resistor yanga yatsopano inkathira magetsi mu capacitor kuchokera ku 9 volts, pomwe 470k yakale inkakhuthula, ndipo poti n'zofanana zinagawana pakati n'kukhazikika pamenepo, pamwamba kwambiri pa mzere. Comparator inkadzidyetsa yokha umboni woti MC akulankhula. Ndinafuna woweruza wokakamira pang'ono, ndinapanga nkhutukumve.

Kukonza kwake kunali kusinthanitsa malo. Capacitor ndinaisamutsira ku mwendo wa −, mwendo 2, komwe palibe chimene chikuithira. Mzere woyezera ndinaupititsa ku mwendo 3, wopangidwa ndi 82k kuchokera ku 9 volts ndi 10k kupita ku ground, zomwe zimapereka pafupifupi 1 volt. Kenako 150k kuchokera pa mwendo 1 kubwerera pa 3. Tsopano chimene chimasuntha ndi mzerewo, osati capacitor. Kukakhala chete mzere umakhala pa 1.4 volts, ndipo mawu ayenera kukwera kupitirira pamenepo kuti aweruzidwe kuti ndi mawu. Akangoudumpha, mzere umagwera pa 0.9, ndipo nyimbo siibwerera mpaka capacitor itakhuthuka kufika pansi pa 0.9. Timafunde tija ndi tating'ono kuposa theka la volt limenelo, ndiye timangovina m'katimo popanda wotiona.

Kusinthako kunatembenuza yankho: MC akamalankhula mwendo 1 umatsika m'malo mokwera. Mwayi wake m'ka IC komweko munali comparator yachiwiri ikungokhala. Ndinailowetsa mwendo 1 pa mwendo 6, ndinaika 4.5 volts pa mwendo 5, ndipo mwendo 7, wokhala ndi 4.7k yakeyake, ndiwo umapita ku miyendo 13 ndi 5 ya CD4066. Kababu kaja nako kanapeza kwawo: kuchokera ku 9 volts, kudzera pa 2.2k, kutsikira pa mwendo 1, komwe LM393 imachita chimene imatha, kukokera pansi.

Alamu atabwera ndi laputopu yawo, ndinali nditawotcherera kale zonse pa veroboard, kabolodi ka mizere ya kopa. Anaika nyimbo ya besi yolemera, nakweza mmene amakwezera. Sipanathe mphindi, anakwinya nkhope.

"Alamu, sipika yanuyi ndi yong'ambika?"

Siinali yong'ambika. Besi ikagunda pankamveka kukhadzuka, ngakhale maiki itazimitsidwa, swichi osayaka n'komwe. Ine masiku onsewo ndinkayesera ka foni, motsitsa, kuopa kudzutsa ana. Mawu a nyimbo pawaya amakwera pamwamba pa ziro n'kutsikanso pansi pa ziro. CD4066 imalola zokhazo zimene zili pakati pa mavolteji a mwendo 7 ndi mwendo 14, miyendo imene imadyera magetsi, kwa ine pakati pa 0 ndi 9 volts. M'kati mwake muli ma diode oiteteza, ndipo chilichonse chikatsika kupitirira pafupifupi 0.6 volts pansi pa ziro, ma diodewo amatseguka n'kuchidula. Ka foni kanga sikankafika kumeneko. Makina a alamu ankafikako pa kugunda kulikonse, ndipo theka lapansi la besi linkametedwa.

Ndinayenera kuikweza nyimbo yonse kuti izivinira pakati pa bwalo, pa 4.5 volts, osati m'mphepete. Ma resistor awiri a 10k ogawa 9 volts pakati, capacitor ya 100 µF yoti pakatipo pasagwedezeke, 100k yokokera nyimbo pamenepo, ndi ma capacitor a 10 µF polowera ndi potulukira kuti volteji imeneyi isapite ku mikisa. Kukhadzuka kunatha. M'malo mwake swichi ikayaka sipika inkati thu, ngati munthu wamenya chitseko ndi chibakera, chifukwa 1.5k ija ndinaisiya ikutayira ku ground, ndiye nthawi iliyonse 4.5 volts inkagwa mwadzidzidzi. Nditaisamutsa kuti izitayira pa 4.5 volts pomwepo, mbali zonse za swichi zinakhala pa msinkhu umodzi, chibakera chinatha. Katsala kakuti tsi kakang'ono, kochokera ku kamphamvu kamene mwendo wolamulira umadonthezera m'njira ya mawu. M'chipinda usiku umakamva. M'holo ya anthu 300 palibe angakamve, ndipo ndinakasiya.

Ukwati woyamba unali mu Okutobala, m'holo ya malata, kutentha koti thukuta limayamba usanavine. Ndinapita nawo ngati wonyamula masipika. M'mawa tinayesa holo ili mbee, kabokosi kanachita bwino moti alamu anandigwira chanza kawiri. Akwati atalowa, kanachitanso bwino. MC akati "tiwombe m'manja," nyimbo pansi. Akatseka pakamwa, nyimbo m'mwamba. Ndinayamba kuwerengera mumtima kuti ndikapanga khumi ndizigulitsa zingati.

Perekaniperekani atafika pachimake, holo itadzaza, alamu anakweza voliyumu. MC anatsika pansanja n'kulowa pakati pa ovina, kutsogolo kwenikweni kwa masipika, maiki ili pachifuwa, yoyatsa. Sankalankhula. Nyimbo inatsika. Patapita sekondi inakwera. Inatsikanso. Inakwera. Amayi amene anali pamzere ndi ndalama m'manja ankaponya phazi, nyimbo n'kuwathawa, akaima n'kubwerera. Mmodzi anatembenuka kuyang'ana ku mikisa atagwira m'chiuno. Alamu anandiyang'ana osatsegula pakamwa kwenikweni, mawu akutulukira m'mano: "Alamu, kanthu kanu."

Mwayi ndinali nditaika kaswichi ka pamanja kolambalala zonse. Ndinakakankha, chala cha alamu chinabwerera pa ntchito yake yakale, ine n'kukhala pa kreti kumaganiza.

Kabokosi sikanalakwe ngakhale apa. Maiki inkamva nyimbo ya m'masipika, ndipo kwa diode ndi capacitor phokoso ndi phokoso, sizidziwa kuti ili ndi liwu la munthu, ili ndi gitala. Nyimbo ikakwera, khutu limati MC akulankhula, nyimbo n'kutsika. Ikatsika, maiki imamva bata, capacitor imakhuthuka pa sekondi yake ija, nyimbo n'kukwera, maiki n'kuimvanso. Waya wobwerera umene unandivutitsa pabenchi uja tsopano unali mpweya wa m'holo. Ndipo hysteresis yanga sikanathandiza. Mpata wa 1.4 ndi 0.9 ndi wochepa, pomwe nyimbo inkasintha kasanu ndi kawiri pakati pa kukwera ndi kugwada, ndiye inkadumpha mizere yonse iwiri mosavutikira.

Pa nthawi ya zakumwa ndinatsitsa kakombero kokuzira mawu pa LM358, mpaka kababu katasiya kuyaka ndi nyimbo yokha, kumangoyaka munthu akalankhulira pafupi. Kenako ndinapita kwa MC mwaulemu wonse, ndikupempha kuti maiki aziyandikitsa kukamwa, ndipo akamavina aziizimitsa. Anandiyeza kuyambira kunsapato.

"Achimwene, ine ntchito imeneyi ndinayamba inu musanamere ndevu."

Komabe anayandikitsa, mwina chifukwa anaona kuti akatero mawu ake amamveka ngati a pawailesi. Mbali yotsala ya mwambowo inayenda.

Kunyumba ndinasintha chinthu chimodzi chimene ndikanayenera kuchiganiza poyamba. Polowera pa khutu panali capacitor ya 1 µF kutsogolo kwa resistor ya 10k, imene inkalowetsa chilichonse mpaka besi yapansi kwambiri. Ndinaika ya 47 nF. Ndi 10k ija, zimayamba kufooketsa mawu onse a pansi pa 340 Hz, komwe kumakhala ng'oma ndi besi, pomwe mbali yaikulu ya zimene zimamveketsa mawu a munthu ili pamwamba pake. Ndinasinthanso 470k yokhuthula ija kukhala kakombero, chifukwa a MC sali chimodzimodzi. Ena amalankhula ngati akuthamangitsidwa, ena amaima pakati pa chiganizo kudikira kuti anthu aseke.

Ndinene chilungamo, wina atandifunsa lero ndingamuuze kuti pa ntchito yotsitsa nyimbo mwaulemu swichi si chida chabwino kwambiri. Imadziwa ziwiri zokha, kuyaka ndi kuzima, ndiye nyimbo imabwerera mwadzidzidzi. LED yoyang'anizana ndi LDR, resistor yosintha malinga ndi kuwala, m'kachubu kakuda imatsitsa ndi kukweza mofewa, ngati chala cha munthu. Koma m'maukwati athu kubwerera kwadzidzidziko anthu amakukonda, kumawadzutsa.

Vuto limodzi linatsala. Amayi akaimba nthungululu pafupi ndi MC, kabokosi kamatsitsa nyimbo. Nthungululu ndi yokwera, ndi yamphamvu, imadutsa pa 47 nF ngati palibe kanthu. Mwezi watha alamu anabweretsa kabokosiko kuti ndisinthe soketi imene inathyoka wina atapunthwa pa waya. Kafumbi kali mbuu, pamwamba anamatapo tepi yolembedwa kuti OSAGWIRA. Ndili mkati mowotcherera ndinawauza kuti ndapeza njira, capacitor imodzi yaing'ono pa LM358 yofooketsa mawu okwera kwambiri, nthungululu izidutsa nyimbo osagwada.

Anagwira dzanja langa la aini.

"Pamenepo musakhudzepo. Amayi anatulukira kale. Masiku ano amachita kumulondola MC, akalulutira nyimbo n'kuwapatsa mpata, holo yonse kumva iwo okha. Sabata yatha azakhali a mkwati anabwereza kanayi, ndipo ulendo uliwonse ankaponya ya 2,000."

Ndinabweza capacitor ija m'kachitini, n'kumaliza soketi.